Kabuleta ya achimwene

Anyamata a kabaza pa Chitakale ali ndi nkhani ziwiri zimene sizichoka pakamwa pawo: mtengo wa petulo ndi mphamvu ya njinga. Ziwirizi zimakokana. Ukafuna njinga yokwera chitunda itasenza matumba awiri a nandolo pamodzi ndi mwini wake, uyenera kuipatsa mafuta. Ukafuna kubwerera kunyumba madzulo uli ndi kanthu m'thumba, uyenera kuimana. Mlandu wonsewu umaweruzidwa m'kachitsulo kokwana m'dzanja limodzi, kobisala pansi pa thanki kumbuyo kwa injini, kamene amakaniko amati kabuleta.

Ine njinga yamoto sindiyendetsa. Kabuleta ndinaidziwa chifukwa cha anthu awiri a kwathu amene anatha tchuthi changa chonse akutsutsana: achimwene anga, amene amachita kabaza pakati pa Boma, Chitakale ndi Likhubula, nthawi zina mpaka ku Muloza, ndi malume, amene amakonza njinga ndi magalimoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Njinga ya achimwene ndi ya ku China, ya 150cc, ndipo gawo la ndalama zogulira linachokera ku banki m'khonde m'dzina la amayi. Choncho nkhani ya njingayi sinali ya achimwene okha.

Achimwene anali ataona pa foni magalimoto a mpikisano a ku America, aja amanyamula kabuleta ya Holley yaikulu ngati poto pamwamba pa injini. Anaganiza kuti mphamvu ili pa kukula kwa kabuleta, ndipo anapita ku Limbe n'kukagula PZ30 kuti alowetse pamalo pa PZ27 imene njinga inabwera nayo. Nambalazo zimanena kukula kwa khomo lodutsa mpweya, m'mamilimita. Malume anaitembenuza m'manja, naibwezera m'katoni.

"Mphwanga, iyi si ya injini yako."

"Koma malume, anzanga aika, ndipo njinga zawo zikulira bwino."

"Kulira n'kulira. Ndiwe woimba kapena wa kabaza?"

Poyamba ndinali mbali ya achimwene, poti chachikulu chimaoneka ngati champhamvu. Koma malume atandipatsa ntchito yotsuka tizitsulo m'mbale ya petulo, ndinayamba kuona mmene chinthuchi chimagwirira ntchito. Kabuleta ilibe pampu yokankha mafuta. Pisitoni ikatsika imakoka mpweya, mpweyawo umadutsa pakhosi popanikizika, ndipo pamenepo umathamanga kwambiri. Mpweya wothamanga umayamwa petulo kuchokera m'kambale ka pansi kudzera pa kabowo kakang'ono kotchedwa jeti, n'kumuwaza ngati nkhungu. Nditabwerera kuno ku koleji ndinapeza mayina ake mu laibulale: Daniel Bernoulli analemba za mgwirizano wa liwiro la madzi ndi kukanikiza kwake mu 1738, ndipo khosi lopanikizikalo limatchedwa ndi dzina la Giovanni Battista Venturi wa ku Italy. Malume mayinawa sawadziwa. Iwo amangoti mpweya ukachita ulesi, petulo sadzuka.

Ndinayesa kuwerengera, ndipo masamu anagwirizana ndi malume. Injini ya 150cc imakoka mpweya kamodzi pa kuzungulira kuwiri kulikonse. Ikamazungulira ka 8,000 pa mphindi, singakoke kuposa malita pafupifupi 600. Ikamakwera chitunda mwapang'onopang'ono pa 3,000, ndi malita 225 okha. Kabuleta yaikulu siwonjezera mapapo a injini. Khomo la mamilimita 30 n'lotambalala kuposa la 27 ndi pafupifupi 23 peresenti, ndiye mpweya womwewo umadutsamo mozengereza, ndipo mphamvu yake yoyamwa petulo imatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Zotsatira zake n'zimene aliyense wokwera kabaza anazimvapo: woyendetsa akoka moto wonse pachitunda, njinga ichita ngati yatsamwa, kenako n'kudzidzimuka. Injini ya ku America ija, ya malita 5.7, ikamazungulira ka 6,000 imatha kukoka malita 17,000 pa mphindi. N'chifukwa chake imafuna poto uja. Ndipo ngakhale kumeneko, kabuleta zambiri za makomo anayi zimayenda ndi makomo awiri okha pa ulendo wamba, awiri enawo n'kutseguka pokhapokha injini ikawafuna. Izi foni sinawauze achimwene.

Malume sanathere pa kukana. Anati njingayo ili ndi mphamvu imene ikugona, ndipo anatha Lamlungu lathunthu akuidzutsa. Apa ndi pamene ndinakhala chete n'kumaonerera.

Anayamba ndi zimene si kabuleta. Anatsuka chosefera mpweya, chimene chinali chitadzaza fumbi la m'misewu ya m'minda ya tiyi. Anayeza mpata wa mavalavu. Anati kukonza kabuleta pa injini yodwala kwina n'kuthira mchere m'ndiwo zosapsa. Kenako anamasula kambale ka pansi, ndipo pansi pake panali timadontho ta madzi ndi matope ofiira. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Mulanje naye ndi dziko la mvula ndi chiperoni. Onjezerani petulo wa m'mabotolo amene anyamata amagula m'mbali mwa msewu mafuta akasowa pa filing'i siteshoni, ndiye mudziwa chifukwa chake jeti imatsekeka. Malume salola waya kulowa mu jeti. Amaipemerera basi, poti waya amakulitsa bowo, ndipo bowo likakula ngakhale ndi kanyenyeswa, njinga imayamba kumwa.

Atatha izi ndi pamene anagwira zosintha, ndipo zilipo zitatu, chilichonse ndi dera lake. Kasikulu ka pambali pamodzi ndi jeti yaing'ono zimalamula injini ikamalira njinga itaima ndiponso pongoyamba kukoka moto. Singano yolendewera pakati imalamula dera lapakati, kumene wa kabaza amathera tsiku lake lonse. Ili ndi timizere tingapo, ndipo ukatsitsa kogwirira kake mzere umodzi singano imakwera, petulo n'kuchuluka. Jeti yaikulu imalamula ukakoka moto wonse. Malume anawotha injini kaye, napotoza kasikulu pang'onopang'ono, khutu lili pafupi, kufuna pamene injini ikulira mosalala. Amasintha chinthu chimodzi, achimwene n'kuthamanga kukabwerera, iwo n'kumvetsera, kenako china. Achimwene anatopa nawo maulendowa. "Malume, bwanji osangosintha zonse kamodzi?" Malume anati ukasintha zitatu kamodzi ndipo njinga yachira, sudziwa chimene chaichiza; ikadwala, sudziwa chobweza.

Mabuku amati petulo weniweni amapsa bwino akasakanizidwa ndi mpweya pa muyeso wa 14.7 kwa 1 polemera, ndipo injini imapereka mphamvu yake yonse petulo akachulukirapo pang'ono, cha m'ma 12.5 kapena 13 kwa 1. Ethanol amafuna mpweya wochepa, pafupifupi 9 kwa 1, ndiye petulo wosakaniza amafuna jeti yopatsa mowolowa manja pang'ono. Pansi pa mtengo wa mango palibe makina oyezera zimenezi. Pali pulagi. Malume anaika pulagi yoyera, nauza achimwene kuti akakwere chitunda ndi moto wonse, azimitse injini ali pomwepo, n'kumasula pulagiyo osalola injini kulira njinga itaima. Pulagi ikatuluka yakuda ngati mwaye wa pa mphika, petulo wachuluka. Ikatuluka yotuwa ngati phulusa, wachepa. Yabwino imaoneka ngati tiyi wothira mkaka.

Ya achimwene inatuluka ngati phulusa, ndipo malume anakwiya kuposa mmene anakwiyira ndi PZ30 ija. Achimwene anavomera kuti petulo atafika pa K2,530 pa lita mu November 2023, mnzawo wina anawaikira jeti yaing'ono kuti njinga isamamwe. Anyamata ambiri amachita zimenezi, ndipo ine sindingawaseke. Munthu wobweza ngongole sabata iliyonse amawerenga dontho lililonse. Koma pa zolakwa ziwiri za kabuleta, iyi ndi yoopsa kwambiri. Kuchulutsa petulo kumawononga ndalama n'kudetsa pulagi, koma kumaoneka: utsi wakuda, fungo, njinga yaulesi. Kumana petulo sikuoneka msanga. Injini za njingazi zimaziziritsidwa ndi mphepo yokha, ndipo petulo amene akulowa amathandiza kuchotsa kutentha m'kati. Ukamuchepetsa, valavu imapsa, nthawi zina pisitoni imabooka pamutu, ndipo zimachitikira pachitunda, dzuwa lili paliwombo, kasitomala ali kumbuyo. Ndalama yopulumutsidwa pa petulo miyezi itatu singagule pisitoni ndi kulipira masiku amene njinga yagona.

Chinandidabwitsa china n'chakuti kabuleta yokonzedwa bwino lero siikhala yabwino chaka chonse. Mpweya wozizira wa June ndi July ndi wolemera, ndiye muyeso womwewo umasanduka wochepa petulo. M'kutentha kwa October umapendekera mbali inayo. Ukakwera mtunda mpweya umapepuka, pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 aliwonse. Njinga ikanatha kufika pa Sapitwa, mamita 3,002, ikanatsamwa ndi petulo wake yemwe. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene opanga magalimoto anasiyira kabuleta n'kupita ku injini zopopera mafuta molamulidwa ndi kompyuta. Ngakhale mpikisano waukulu kwambiri wa NASCAR ku America, umene unakakamira kabuleta zaka zambiri, unasintha mu 2012. Kuno kwathu zatsala m'njinga, m'majenereta ndi m'timapikapu takale ngati Nissan 1400, amene ku South Africa anapangidwa mpaka 2008. Malume amati galimoto za kompyuta akazitsegula amangoziyang'ana ngati kalata ya chinenero china, ndipo amanena izi mosaseka.

Pomaliza anabwezera jeti ya nambala imene njinga inabwera nayo, nakweza singano ndi mzere umodzi. Pa nkhani ya zitunda anapereka mankhwala ena osakhudza kabuleta n'komwe: siporoketi ya kumbuyo ya mano ochulukirapo. Njinga inataya liwiro pang'ono pa phula wopita ku Muloza, koma inayamba kukwera ndi katundu popanda kubuula. Pulagi inatuluka ngati tiyi wa mkaka wochepa, ndipo malume anati aionanso chiperoni chikayamba.

PZ30 ija achimwene sanaigulitse. Ili pamwamba pa kabati, m'katoni yake. Akuti ngongole ya amayi ikatha adzagula njinga ya 200cc, ndipo malume avomera kuti pa imeneyo adzaiika okha, kwaulere.