Zimene ndaphunzira pojambula nkhani za njovu ku Mfuwe

Ndimajambulira ana a sukulu a kwa Kakumbi ndi kwa Mnkhanya tinkhani ta m'mabokosi, ta zithunzi ndi mawu pang'ono. Zambiri zimakhala za njovu za m'paki ya South Luangwa zimene zimawoloka mtsinje kudzadya chimanga ndi mango.

1. Mawu asabwereze zimene chithunzi chanena kale. Ukajambula njovu m'munda, pansi pake lemba zimene diso silingaone: ndi mwezi wa Malichi, chimanga changotsala pang'ono kukhwima, mwini munda ali ndi ngongole ya feteleza.

2. Pepala limodzi limawerengedwa ndi anthu awiri. Mdzukulu amawerenga mawu mokweza, agogo amene sanapondeko m'kalasi akutsata zithunzi n'kumamasulira m'Chikunda. Ndipo agogowo sapusitsika. Amadziwa kuti mphumi ya njovu yaikazi ndi yosongoka pomwe yamphongo ndi yobulungira, ndiye ukasokoneza pamenepo, nazo za tsabola wothamangitsira njovu sakukhulupirira.

3. Fungo silijambulika. Alimi kuno amatchinga minda ndi zingwe zopaka tsabola wosinja ndi oilo wakale wa injini, ena amawotcha njerwa za ndowe za njovu zosakaniza ndi tsabola. Chithunzi chingaonetse njovu itakweza chitamba n'kubwerera, basi. Zoti njerwayo uiike kumene mphepo ikuchokera, kuti utsi ulowere kwa njovu osati kwa iwe mlonda, zimafuna mawu. Apa sindiumira inki.

4. Kampata ka pakati pa mabokosi nako kamasimba. Bokosi loyamba: bambo ali pansanja ndi tochi ndi chitini choimba. Lachiwiri: kwacha, mapesi ali mbwee. Za usikuwo sindijambula, poti owerenga anga anagonapo pansanja, amaudziwa kuposa ine.

5. Nkhope ikhale yosasinthasintha. Sara, mtsikana wa m'tinkhani ta zithunzi ta UNICEF, amene anatuluka mu 1996, ana ankamuzindikira ndi kanyani kake Zingo asanawerenge n'komwe dzina.

6. Masamba athu amathera pa fotokope. Utoto umasanduka mdima wokhawokha, choncho ndimakanikiza mizere ndi inki yakuda, ndipo mawu akachuluka mpaka kuphimba nkhope ya wolankhulayo, ndimadula mawuwo, nkhope ndimaisiya.