Kalata kwa mphwanga: Mbiri ya Castle Hotel ya ku Lundazi

Wokondedwa mphwanga,

Wandiuza kuti akuntchito akutumiza ku Lundazi ndipo ukagona ku Castle Hotel, ndiye ukudabwa kuti nyumba yooneka ngati linga la mafumu a ku Ulaya inapezeka bwanji pakati pa Atumbuka, Achewa ndi Angoni. Tamvera tsono.

Nyumbayo si yakale monga momwe imaonekera. Anaimangitsa ndi Errol Button, yemwe anali DC wa Lundazi dziko lino likutchedwa Northern Rhodesia. Ntchito inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 n'kutha mu 1952, patangotsala zaka 12 kuti tilandire ufulu mu 1964.

Chomwe chinkafunika pa bomapo chinali resitihausi wamba. Kuchokera ku Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, kukafika ku Lundazi ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo kalelo msewu unali wafumbi, dzinja n'kusanduka matope. Akuluakulu a boma oyendera maboma ankasowa pogona. Nawonso alendo ochokera kuchigwa cha Luangwa popita kumapiri a Nyika ankadzera pomwepo.

Button sanafune nyumba ya ngodya zinayi ngati za m'maboma ena. Anatengera mamangidwe a malinga a Anormani, anthu amene analanda England mu 1066 n'kumamanga nyumba zankhondo za zipupa zochindikala ndi nsanja zoonera adani. Ya ku Lundazi ili ndi nsanja zake ndi mipanda yamanomano pamwamba, koma mdani sanaizingepo, ndipo muvi sunaponyedwepo kuchokera m'menemo. Kuyambira pachiyambi ntchito yake inali kugoneka apaulendo m'zipinda zake zowerengeka, pafupi ndi damu. Ngakhale dzina lake loyamba, Rumpelstiltskin, linachokera m'nthano ya ana ya ku Germany yomwe mwana wamkazi wa Button ankaikonda.

Mabuku a alendo amatchula Button yekha, koma DC saponda dothi. Njerwa zofiirazo anaumba, kuwotcha ndi kusenza ndi anthu a m'midzi ya komweko, ndipo amisiri amene anazungulitsa nsanjazo anali asanapiteko ku England. Kumanga chipupa chozungulira ndi njerwa zowongoka si ntchito yamasewera. Ukafika ukayang'anitsitse mmene mizere yake inayendera. Atsamunda atapita, nyumbayo inatsala m'manja mwa Azambia, ndipo lero ndiyo imadziwitsa Lundazi kwa anthu akutali.

Choncho usakangojambula zithunzi n'kugona. Madzulo ukacheze ndi akuluakulu a pabomapo, uwafunse za makolo awo amene anagwira nawo ntchitoyo, ndipo mayina amene akakuuzewo ukawalembe. Ukadzabwera udzandiwerengere.

Upereke moni kwa onse kunyumba.

Ndine mkulu wako.