Injini ikazima, pampu nayo izime

Galimoto zambiri zimene zimafika pa galaja yanga kuno ku Likuni n'zolumikizalumikiza: thupi la Datsun yakale, injini ya Toyota, mawaya ochotsa m'galimoto ina imene inafa kalekale. Ndizo zimasenza tomato ndi kabichi pamsewu wa ku Mitundu, zina zimachita matola mpaka ku Nathenje. Pampu yakale ya petulo, ija yokankhidwa ndi injini, ikatopa, mwini wake amagula yamagetsi, n'kuimanga pafupi ndi thanki, n'kukoka waya umodzi kuchokera pa kiyi. Galimoto imalira bwinobwino, iye n'kumapita mtima uli m'malo.

Waya umodziwo ndi umene umandisowetsa tulo. Pampu yakale ija imaima yokha injini ikazima. Yamagetsi imamvera kiyi basi. Galimoto ikagubuduzika, payipi n'kuduka, dalaivala ali chikomokere, pampu imangothirabe petulo pa ekizozi yotentha.

Ndinamangapo waya wotere ine ndemwe, ndikadali wophunzira. Pikapu imene ndinamangamo wayayo inadzagwera m'ngalande, payipi n'kuthothoka pa kabureta. Anthu ankathamangira ovulala, pampu ili gugugu pansi, petulo akuyenderera mu udzu wouma. Mnyamata wina wodutsa ndiye anazula waya wa batire. Moto sunabuke, koma fungo lija sindinaliiwale.

Tsopano pampu ndimaidutsitsa pa fyuzi ndi relay, ndipo chimene chimalamula relay ndi swichi ya mphamvu ya oilo, ya mano atatu. Ija ya dzino limodzi ntchito yake n'kuyatsa kanyale kofiira pa dashibodi, musaisokoneze ndi iyi. Pa ya mano atatuyi, dzino loyamba limalandira moto kuchokera ku sitata, kuti pampu ikoke petulo pamene mukuliza. Lachiwiri limachokera ku kiyi, lachitatu limapita ku relay. Injini ikalira, oilo amakankha swichi, moto wa kiyi n'kudutsa. Ikazima, mphamvu ya oilo imagwa, pampu n'kukhala chete ngakhale kiyi ali poyatsa.

Komabe injini ikhoza kumalirabe kanthawi ngozi itachitika, chifukwa m'kabureta mumatsala petulo. N'chifukwa chake ndimasakasaka kwa ophwasula magalimoto kaswichi kena kamene kamapezeka m'ma Ford ndi ma Land Rover ambiri. M'kati mwake muli kampira kachitsulo kogwidwa ndi maginito. Galimoto ikamenya chinthu mwamphamvu, kampirako kamadumpha n'kudula moto, ndipo sikabwerera mpaka munthu adinize batani la pamwamba. Ndimakamanga choimirira, pachitsulo cholimba cha thupi la galimoto, pamene dzanja lingafike. Mukakamanga pa lata logwedera, mabampu a m'misewu yafumbi amakazimitsa pachabe, ndipo mwini wake akatopa amangolumphitsa waya.

Chinanso, pampu ya galimoto ya injekishoni imakankha pafupifupi mabaa 3, pamene kabureta safuna ngakhale theka la baa imodzi. Mukamanga yotereyo, petulo amasefukira pa injini.

Eni magalimoto amadandaula ndithu. "Amisiri, zonsezi n'zachiyani? Galimototu ikulira." Sinditsutsana nawo. Ndimati, "Bambo, tembenuzani kiyi koma musalize." Kenako ndimawagwaditsa pambali pa thanki kuti amve okha pampu yawo ikugunda injini ili zii. Ndikatha ntchito timabwerezanso, ndipo pansi pa galimoto sipamveka kanthu mpaka sitata italira.