Ndinapita kwa Ngokwe pa Peugeot yamtima wa Toyota

Amene sanafikeko kwa Ngokwe m'boma la Machinga asamanene kuti amaudziwa msewu woipa. Ukachoka pa Liwonde n'kudutsa Nsanama mpaka pa Ntaja zonse zimakhala bwino. Mavuto amayamba ukasiya tala kulowera kummawa, kunyanja ya Chiuta kumalire ndi Mozambique. Chilimwe ndi fumbi ndi mchenga, dzinja ndi matope okhaokha.

Ine ndinakwera matola pa Ntaja, pikiapu ya Peugeot 404 yoti utoto unatha kalekale. Galimoto zimenezi zinayamba kupangidwa ku France mu 1960 ndipo ku Kenya anapitiriza kuzilumikiza mpaka 1991. Koma kulira kwa injini kunandidabwitsa.

"Madala, Peugeot imalira chonchi?" ndinafunsa mwini wake, bambo wachikulire wovala kofiya.

"Achimwene, Peugeot ndi thupi lokhali. Mtima ndi wa Toyota," anatero akuseka.

Ati injini yake yapetulo ya malita 1.6 itatheratu, anagula ya dizilo ya Toyota 2L ya malita 2.4 kuchokera pa Hilux yomwe inachita ngozi. Amakanika anaimangirira kugiyabokosi yakale ya magiya anayi, iwo n'kumati basi zatheka. Kumeneko ndiye kunali kulakwa.

Anandifotokozera motere. Injini ya dizilo simazungulira mothamanga ngati yapetulo, koma imakoka mwamphamvu ngakhale ikuzungulira pang'onopang'ono. Mphamvu imeneyo imadutsa mugiyabokosi, kupita pa poropela, kukafika mu difu, chija chimagawira mphamvu kumatayala akumbuyo. Zonsezi a Peugeot anazipangira injini yaing'ono. Ndiye pa tala galimoto inkangokuwa mu giya yachinayi koma liwiro osaoneka, dizilo n'kumangotha. Mumchenga, katundu ali tho, mano a magiya ankadyeka.

Tsiku lina akuchokera ku Chiuta ndi madengu a makumba ndi milamba yaiwisi ya amayi a geni, difu inangoti gwa! pakati pa tchire. Anagona pomwepo. Pomwe thandizo linkafika nsomba zinali zitayamba kununkha, ndipo mpamba wa amayi aja unathera pomwepo. Mmodzi mpaka lero sawapatsa moni.

Atatolera ndalama anachita zomwe anayenera kuchita poyamba. Anagula giyabokosi ya Hilux ya magiya asanu, yomwe imagwirana ndi injiniyo popanda kukakamiza. Giya yachisanu imatsitsa kuzungulira kwa injini pa tala, ndiye mafuta amapulumuka. Anagulanso ekiselo yonse yakumbuyo ya Hilux ndi difu yake, owotcherera n'kusuntha pokhalira masipuling'i. Poropela anaidula n'kuilumikizanso. Chogwirira magiya, chomwe pa 404 chimakhala pachiwongolero, pano chinatulukira pansi pomwe anaboola.

Zotsatira zake? Mabawuti a matayala akutsogolo ndi akumbuyo sagwirizananso, choncho amayenda ndi masipeya awiri. Komanso ati kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zipangizo inakwera moti akanachedwa pang'ono sakanakwanitsa.

Ndinadzionera ndekha titafika pakhwawa lina lamchenga. Tinali anthu odzaza, matumba a feteleza, njinga ziwiri ndi mbuzi. Ndinayamba kuvula nsapato poganiza kuti tikankha. Madala aja anangoika giya yoyamba, Peugeot n'kutuluka ikubuula, wina aliyense ali pamalo pake.

Tinafika kwa Ngokwe dzuwa likupendeka, anthu akupita kumzikiti. Kuno galimoto ikafa panjira si mwini yekha amalira. Wodwala wopita kuchipatala cha Machinga ku Liwonde, mlimi wampunga, mayi wa nsomba, onse amadalira magalimoto okalamba ngati ameneyu.

Ndiye inu amene mukufuna kuika dizilo pagalimoto yanu yakale, werengeranitu ndalama ya giyabokosi ndi difu. Mukapanda kutero mudzagona kutchire ndi nsomba za eni.