Nsalu ya pamwamba ndiyo imagwila phazi

Ise amene timathamanga m'mamawa m'misewu ya Lusaka tili na cizolowezi cimodzi pogula nsapato. Tikainyamula pa salaula, timaitembenuza n'kuyamba kuona pansi. Timakanda soli, timafinya siponji, ndipo ngati mizele ikali kuoneka, timayamba kukambilana mtengo. Nsalu ya pamwamba timaiyang'ana pothela, ndipo timangofuna kuona mtundu wake na dzina la kampani. Koma soli imakumana na msewu cabe. Cimene cimagwila phazi pa makilomita onse ni nsalu ija.

Nchito yake yaikulu ni kumanga phazi pa soli kuti ziwilizi ziziyenda pamodzi. Tikaponda, phazi limatambasuka pang'ono, ndiyeno cidendene cimanyamuka. Pa makilomita 10 izi zimacitika nthawi masauzande. Nsalu ikakhala yotayilila, phazi limatelela mkati pa kuponda kulikonse. Kukhuzika kumeneko kukakumana na thukuta na kutentha, matuza amabuka. Zala nazo zimayamba kudzipinda kuti zigwilile nsapato, ndipo phazi limalema msanga. Potsika citunda phazi limathamangila kutsogolo, cikhadabo n'kumagunda kumapeto mpaka cida na kucoka. Nsalu ikathina kwambili, pamwamba pa phazi pamayamba kuwawa ndipo zala zimacita dzanzi. Siponji ingakhale yodula bwanji, singathetse mavuto awa.

Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana marathon ya Olympics ku Rome mu 1960 alibe nsapato, cifukwa zimene anali nazo sizinamukwane bwino. Sitikamba kuti tonse tivule, pakuti misewu yathu ili na miyala na mabotolo ophwanyika. Koma katswili uja anaona kuti nsapato yosakwana ni yoopsa kuposa msewu weniweni.

Pali malo atatu amene nsalu ya pamwamba ifunika kugwila mosiyana. Kumbuyo, mozungulila cidendene, kumakhala kambale kolimbilako kobisika m'nsalu. Kafunika kugwila cidendene osacilola kukwela na kutsika. Ambili a ife timasiya kabowo komalizila ka nthambo kali cabe, poganiza kuti n'kokongoletsa. Tikapitisa nthambo m'kabowo kameneko mbali iliyonse n'kupanga kalupu, ndiyeno n'kulowetsa nthambo ya mbali ina m'kalupuko tisanamange, cidendene cimakhazikika popanda kufinya phazi lonse. Pakati, pamene pali lilime na nthambo, pafunika kugwila mwamphamvu koma mosaluma. Lilime losokeledwa m'mbali siliyendela kumbali ndipo limatsekako mcenga. Kutsogolo kufunika ufulu: mpata wa cala cacikulu ca kudzanja pakati pa cala cacitali na mapeto a nsapato. Mapazi amatupa tikathamanga mtunda wautali, ndiye cifukwa cake n'kwabwino kuyesa nsapato madzulo, titavala masokosi amene timathamanga nawo.

Nsalu imeneyi ilinso na kulemela kwake. Ofufuza anapeza kuti magalamu 100 owonjezela pa nsapato iliyonse amawonjezela mphamvu imene wothamanga amawononga na pafupifupi 1 pelesenti. Ici cinakankha makampani kucotsa zikumba na zigamba zambili zosokelela. Mu 2012 Nike inatulutsa Flyknit ndipo Adidas inatulutsa Primeknit, nsalu zolukidwa monga sokosi, zopepuka, za misoko yocepa. Zimamveka bwino kuphazi, koma nsalu yoluka imatambasuka pokhota ndipo imamwa madzi. Mu 2019 Nike inaika nsalu ina, Vaporweave, pa nsapato yake ya marathon ya Vaporfly Next%, cifukwa siimwa madzi ambili. Apa tiona kuti palibe nsalu imene imacita zonse. Yofewa siigwila mwamphamvu, yolimba siipitisa mphepo, ndipo yopyapyala siikhalitsa.

Nyengo yathu ili na mafunso akeake. Mu October, pamene phula limatentha na m'mamawa momwe, tifunika nsalu ya tumabowo twambili kuti thukuta liume. Koma tumabowo tumeneto tumalowetsa fumbi la m'misewu ya m'makomboni, ndipo mcenga ukasakanikilana na thukuta umakhula khungu monga sandipepa. Mvula ikayamba mu November, funso silikhala lakuti madzi alowa kapena ayi, cifukwa adzalowa ndithu. Funso n'lakuti adzatuluka msanga bwanji. Mabelo a salaula ambili amacokela ku maiko ozizila, ndipo nthawi zina timapezamo nsapato zolembedwa Gore-Tex, zoletsa madzi kulowa. Zimaoneka zolimba ndipo wogulitsa amazitamanda, koma m'kutentha kwathu zimaphika mapazi, ndipo madzi akalowela kumwamba pa akakolo, amakhala momwemo mpaka tikafike kunyumba.

Palinso cina cimene ogula m'mashopu sadela naco nkhawa. Nsapato ya pa salaula inayamba yaphunzila phazi la munthu wina. Nsalu inatambasuka pamene iye anali wotakata, ndipo kambale ka kucidendene kanapindikila kumene iye anali kupondela. Izi sizioneka tikayang'ana pansi. Tikaika nsapato pamalo osalala n'kuiyang'ana kumbuyo, timaona ngati yapendekeka. Tikalowetsa dzanja mkati, timamva ngati nsalu ya kucidendene inabooka kapena pali msoko wokakala pafupi na kacala kothela. Cimene dzanja lamva m'masekondi ocepa, phazi lidzacimva kwa ola lathunthu. Cimodzimodzi tikapeleka nsapato yong'ambika kwa wosoka: tim'pemphe kuti cigamba na mfundo za ulusi zikhale kunja, osati mkati.

Tinasangalala tonse pamene Muzala Samukonga anatenga mendulo ya bronze pa mamita 400 ku Paris mu 2024, m'masekondi 43.74. Nsapato za mpikisano wotelo zimathina dala, kuti phazi lisasunthe ngakhale pang'ono pokhota pa liwilo lalikulu. Koma zimavalidwa kwa nthawi yocepa. Ise amene timakhala pamsewu ola limodzi kapena awili tifunika nsalu yosiya malo akuti phazi litupe. Kutengela kuthina kwa akatswili a mitunda ifupiifupi n'kudzigulila zikhadabo zakuda.

Kwa ambili a ife, peya imodzi ifunika kutumikila caka conse, m'fumbi, m'dzuwa na m'matope. Ndalama zake zimacoka pa unga na pa thilansipoti, conco ikatiluma sitingagule ina mawa. Timangoleka kuthamanga mlungu umodzi kuti matuza apole, mlunguwo n'kukhala mwezi, anzathu n'kuleka kutiitana. Anthu ambili amasiya kuthamanga mwa njila imeneyi, osati cifukwa ca ulesi. Ndiye tisacite manyazi kuvala zonse ziwili pamaso pa wogulitsa, kumanga nthambo mpaka kabowo komalizila, na kuthamangako pang'ono pakati pa matebulo. Wogulitsa angaseke, koma mapazi ni athu.