Njira Zopanda Chikwangwani

Mlendo aliyense wofika pa boma la Lundazi timathamangira naye ku Castle. Timamuonetsa nsanja zake za njerwa ndi damu limene lili pambali pake, ndipo timamusimbira monyada kuti nyumbayi anaimangitsa Bwana DC Errol Button, inatha mu 1952, mofanizira malinga a mafumu akale a ku Ulaya. Akajambula zithunzi ziwiri zitatu timati waiona mbiri ya Lundazi. Nyumbayo ndi yokongola, sindikana. Koma ndi mwana wadzulodzulo tikaiyerekeza ndi mbiri ina imene ili m'dothi la dziko lino, yopanda khoma ndi chikwangwani chomwe, imene ife eni ake timaidutsa pa njinga tsiku ndi tsiku osaitchula.

M'maiko ena mizinda imasunga malo amene magulu a zigawenga ankachitirapo zoipa zao. Ku Chicago alendo amalipira ndalama kuti awayendetse m'misewu ya Al Capone, ndi kuwaonetsa pamene anthu 7 anaomberedwa mu 1929, ngakhale nyumbayo inagwetsedwa kalekale. Zotere ine sizindikomera, pakuti wakupha amasanduka ngwazi ya pa kanema. Anthu a ku Palermo, pa chisumbu cha Sicily, ali ndi njira yabwinoko. Iwo amapita ndi mlendo ku Brancaccio, kumene a Mafia anapha Bambo Pino Puglisi mu 1993 chifukwa chowalanda ana amene ankafuna kuwaphunzitsa umbava. Kumeneko dzina limene limamveka ndi la wophedwayo.

Mwina wina ati: zimenezo ndi za m'mizinda ikuluikulu, kwathu kuno kunalibe Mafia. Abale anga, kodi Mafia ndi chiyani? Ndi gulu lokhala ndi akuluakulu ake amene sadetsa manja, lokhala ndi okongoza chuma, onyamula mfuti, odziwa njira, ndi olamulira amene amadya nawo kuti atseke maso. Mukaliona motero, mudzavomereza kuti gulu lotere linadutsa pakhomo pathu kwa zaka zoposa makumi asanu. Makolo athu anali nalo liu lake: chifwamba.

Muzu wake unali kutali, ku Zanzibar, kumene amalonda olemera ankakongoza nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga kwa atsogoleri a maulendo. Ngongole imeneyo inkabwezedwa ndi zinthu ziwiri, minyanga ya njovu ndi anthu. M'zaka za m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota natenga dzina la Jumbe. Iye anali ndi zombo zoolotsa katundu pa nyanja, ndipo tsidya linalo njira inkapitirira mpaka ku Kilwa. David Livingstone analemba kuti kazembe wa Angerezi ku Zanzibar anamuuza kuti akapolo 19,000 ochokera m'dziko la nyanjayi ankalowa pa chisumbucho chaka chilichonse. Awa ndi amene anafika. Ogwa m'njira panalibe wowawerenga.

Kuchokera ku Nkhotakota njira yaikulu inkaloza kumadzulo. Inkakwera ku Kasungu kwa Mwase, amene anapeza mfuti kwa amalondawa nakhoza nazo kulimbana ndi Angoni. Kenaka inkadutsa pa mtunda uno, n'kutsikira ku Malambo, kuoloka Luangwa, kunka kwa Abiza ndi kwa Kazembe. Kumpoto, m'dziko la Asenga kwa Kambombo, Tembwe ndi Chikwa, kumene lero ndi boma la Chama koma kale kunali pansi pa Lundazi, Aluya ena anamanga malinga nakhala ndithu, kukwatira ana a eni dziko ndi kusaka njovu. Kumwera Achikunda ankakwera ndi mtsinje kuchokera ku Zambezi pa ntchito yomweyo. Chigwa cha Luangwa chinali nkhokwe ya minyanga, ndipo ife a pa mtunda tinali pa khomo la nkhokweyo.

Pa ntchito yanga ya ukatekisti ndayenda m'nthambi zambiri za parishi, ndipo usiku, mapemphero atatha, akuluakulu amamasuka pa moto. Ndamva za goli, mtengo wa mphanda umene ankaika m'khosi mwa munthu namanga ndi chitsulo kumbuyo. Ndamva za amai amene ankapita ku dambo m'mamawa osabwerako, mtsuko n'kupezeka uli chafufumimba pa chitsime. Gogo wina anandiuza kuti amake ankawaletsa kutola nkhuni pafupi ndi mtengo wina waukulu, chifukwa ulendo unkagona pamenepo ndipo ofooka ankasiyidwa pomwepo. Mtengowo ulipobe, ana a sukulu amausa pamthunzi pake.

Koma nkhani imene akuluakulu amaikamba motsitsa mau ndi ina. Mluya sanali kudziwa mudzi uti uli ndi anyamata, kapena njira ya ku chitsime iti ili yobisika. Panali womulozera. Munthu akalephera kulipira mlandu ankapereka mbale wake ngati chikole, ndipo chikolecho chikakhalitsa chinkagulitsidwa ndi nsalu. Chaka cha njala mtsibweni ankatha kupereka mwana wa mlongo wake kuti ena onse adye. Mfumu yopanda mfuti inkadziwa kuti mnzake wa tsidya la mtsinje ali nazo, ndipo mtengo wa mfuti unali mnyanga kapena munthu. Sindinena izi kuti ndichepetse tchimo la ogula, pakuti popanda msika sipakanakhala wogulitsa. Ndingoti chifwamba chimenechi chinalimba chifukwa chinapeza manja m'midzi momwemo, mwa Achewa, Atumbuka, Asenga, Abiza ndi Angoni. Palibe mtundu umene ungaloze mnzake chala.

Mathero ake anabwera mochedwa. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma malondawo anapitirira mobisa, monga amachitira malonda onse oletsedwa. Mu 1888 Kadinala Charles Lavigerie, woyambitsa chipani cha Ambuye Oyera, anayendera mizinda ya ku Ulaya kulalikira motsutsa ukapolo wa mu Africa. Mu December 1895 asilikali a Harry Johnston anagonjetsa Mlozi ku Karonga nam'pachika, ndipo mwezi womwewo linga la Mwase Kasungu linagwa. Mu 1897 Robert Young wa British South Africa Company anathandiza mfumu Chibale ya Asenga kupirikitsa Mluya wotchedwa Kapandansalu. Tisaiwale kuti Azungu omwewa anabwera ndi msonkho umene unathamangitsira amuna athu ku migodi ya kumwera, koma imeneyo ndi nkhani ya mwezi wina.

Anzathu ena anasunga malo ao. Ku Nkhotakota muli mkuyu umene amati Livingstone anakumana ndi Jumbe pansi pake, ndipo boma la Malawi limauteteza. Ku Ndola anasunga dzina la Slave Tree, mtengo wa mupapa pamene amalonda a Chiswahili ankasonkhanira. Ku Zanzibar Aanglikani anamanga tchalitchi chao chachikulu pamalo penipeni pa msikawo. Nanga ife bwanji?

Ndiganiza kuti chifukwa chake si ulesi wokha. Ndi mantha. Sikuti onse ogwidwa anafika ku nyanja. Ambiri, makamaka akazi ndi ana, anatsala m'midzi ya owagula nabereka momwemo. Adzukulu a wogulitsa ndi adzukulu a wogulitsidwa lero amakhala pa benchi imodzi m'tchalitchi. Kangapo konse, pokonzekera ukwati wa achinyamata, ndamva ankhoswe akunong'onezana kuti mbumba yakutiyakuti ndi ya kapolo. Pa milandu ya minda ndi ya unyakwawa liu lomweli limatuluka ngati mpeni wobisa m'thumba. Ndiye mbiriyi sitinaiiwale ai. Timaisunga bwino lomwe, koma timaitulutsa pofuna kulasa mnzathu basi. Ndipo taonani kupotoka kwake: manyazi tawasenzetsa mbumba ya amene anagwidwa, pamene mbumba ya amene analandira nsalu imayenda chowongoka.

Njirazo sizinamere udzu. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 minyanga inayambanso kutuluka ku Malambo, tsopano ndi mfuti za nkhondo m'malo mwa gogodela. Njovu zikwizikwi zinatha, ndipo zipembere zinatheratu, kotero kuti mu 1998 analengeza kuti m'Zambia mulibenso chipembere chakuda, mpaka pamene anabweretsa zina ku North Luangwa mu 2003. Kaumbidwe ka gululo kanali komwe kaja: wachuma ali kutali, wapakati ali pa boma, ndipo mnyamata wa kumudzi ndiye woomba, wosenza ndi womangidwa. Bungwe la COMACO litayamba ntchito kuno mu 2003, kugula mbeu kwa alimi amene asiya kupha nyama, anthu anapereka mfuti ndi misampha ya waya yochuluka zedi. Sizinachokere kumwamba, zinali m'matsindwi athu.

Tsopano katundu wabwerera kukhala munthu. Mu October 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, boma loyandikana nafe, apolisi a ku Malawi anafukula mitembo 30 ya anthu amene amaganiziridwa kuti anali a ku Ethiopia. Mu December chaka chomwecho mitembo ina 27 inapezeka itatayidwa ku Ngwerere pafupi ndi Lusaka. Anali anyamata amene mabanja ao analipira magulu ozembetsa anthu kuti akawafikitse ku South Africa. Malire athu ndi Malawi ali ndi tinjira tambirimbiri tosadutsa pa Lusuntha, ndipo mlendo wochokera ku Addis Ababa sangatidziwe yekha. Pali womulozera, pali womusunga usiku m'nyumba yosatha kumanga, pali wa njinga yamoto amene safunsa.

Pa 8 February Mpingo umakumbukira Josephine Bakhita Woyera, amene anagwidwa ali mwana ku Sudan nagulitsidwa kangapo, ndipo kuyambira mu 2015 tsikuli ndi lopempherera onse ogulitsidwa. Ndapempha a mphakati wathu kuti chaka chikubwerachi tisapempherere m'nyumba. Titenge akuluakulu awiri atatu amene akadali ndi mphamvu, achinyamata atenge makope, tipite pa mtengo uja ndi pa madooko akale, tilembe zimene agogo anganene asanatisiye. A mfumu avomera kutiperekeza. Afunsa chinthu chimodzi chokha, chakuti maina a mabanja tidzawalemba kapena ai, ndipo pa funso limeneli mphakati sunagwirizanebe.