Luso Lomanga Msasa ndi Kulondolera Alendo pa Madambo a Kafue

Chanyanya ndi dooko la asodzi lomwe lili kumadzulo kwa tawuni ya Kafue, m'mphepete mwa chigwa chachikulu chimene mtsinje wa Kafue umasefukiramo, chomwe pa mapu chimalembedwa kuti Kafue Flats ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 6,500. Ntchito imene ikufotokozedwa pano, yomwenso wolemba nkhaniyi amadyera, ndi yonyamula alendo pa bwato, kuwasankhira malo ogona m'katikati mwa madambo ndi kuwabweza kumtunda ali amoyo. Alendowo amakhala amalonda a nsomba, owedza ndi mbedza pofuna kungosangalala, okonda kuona mbalame, kapenanso ophunzira ochokera ku Lusaka, koma onsewa amadalira munthu mmodzi wodziwa khalidwe la madzi a kuno, pakuti kukhoma tenti aliyense angaphunzire tsiku limodzi, pamene kudziwa poyenera kuyikhoma kumatenga zaka.

Phunziro loyamba la mmisiri wa misasa ndi lakuti madzi a m'chigwachi salamulidwanso ndi mvula yokha. Kale mtsinje unkadzaza mvula ikamatha, n'kuyamba kuphwa pang'onopang'ono mpaka mu Okutobala, kotero kuti msodzi ankadziwiratu mwezi umene chilumba chakuti chidzaonekere. Kuchokera pamene damu la Kafue Gorge linamangidwa kumunsi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kenako la Itezhi-Tezhi kumtunda mu 1977, kuchuluka kwa madzi kumatsata zofuna za makina opangira magetsi a kampani ya ZESCO: madzi amatsegulidwa m'chilimwe pamene kale kunkakhala kouma, ndipo mbali ya kum'mawa, kumene kuli Chanyanya, malo ena amakhala omira chaka chonse chifukwa damu la kumunsi limabweza madzi m'mbuyo. N'chifukwa chake wolondolera alendo akangofika pa malo, asanatsitse katundu, amazika ndodo pamene madzi alekezera n'kuidula chizindikiro, ndipo amakaiona asanagone komanso m'bandakucha, chifukwa m'dera lathyathyathya chotere madzi akakwera ndi chikhato chimodzi amatha kulowa kutali kwambiri kumtunda.

Vuto lotere limapezekanso kumaiko ozizira a kumpoto. Ku Alaska, pafupi ndi mzinda wa Juneau, kuli malo a misasa m'mphepete mwa nyanja imene imadyetsedwa ndi mtsinje wa madzi oundana wotchedwa Mendenhall, kumene alendo amafika ndi galimoto zokhala ndi chipinda chogona ndi khitchini m'kati mwake. Kuyambira mu 2011, madzi osungunuka amene amaunjikana kuseri kwa mtsinje woundanawo akhala akuphulika nthawi yotentha n'kudzaza nyanja ndi mtsinje popanda dontho la mvula, ndipo mu Ogasiti 2024 anaononga nyumba pafupifupi 300. Kumeneko chenjezo limabwera ndi zipangizo zoyezera madzi ndi uthenga wa pa foni, pamene ku Chanyanya chenjezo ndi ndodo yozikidwa m'matope ndi maso a mwini bwato, koma lamulo ndi limodzi: wogona pafupi ndi madzi amafunsa kaye kumene madziwo akuchokera.

Malo abwino a msasa m'chigwachi ndi a mitundu iwiri. Oyamba ndi mitunda yaitali imene mtsinje womwe umaumba m'mbali mwake pamene ukusiya matope chaka ndi chaka, yomwe imakhala yokwera pang'ono kuposa dambo la kuseri kwake. Achiwiri ndi zulu zakale, ndiko kunena milu ya dothi yomangidwa ndi chiswe, imene imakhala ngati tizilumba madzi akadzaza. Chulu chili ndi ubwino wakuti n'chouma ndipo nthawi zina chimakhala ndi mtengo wa mthunzi, koma nyengo ya madzi ambiri njoka, makoswe ndi linthumbu zimathawiranso pomwepo, choncho mmisiri amayamba wagogoda udzu ndi nkhafi, kuulambula, n'kuwaza phulusa mozungulira pogona. Kumene kulibe tenti amamanga chisakasa cha bango ndi udzu, khomo lake atalifulatitsa ku mphepo ya kum'mawa imene imaomba mozizira mu Juni ndi Julayi.

Chimene chimasiyanitsa katswiri ndi wophunzira ndi kuwerenga njira za mvuu. Mvuu imatuluka usiku kukadya msipu ndipo imadutsa njira imodzimodziyo masiku onse, yomwe imaoneka ngati ngalande yosalala yotsetserekera m'madzi. Wosadziwa amaiona ngati dooko labwino n'kukocheza bwato pomwepo, osazindikira kuti wagona pakati pa nyamayo ndi madzi amene imathawirako ikadzidzimuka. Pa ulendo, wopalasa amagogoda m'mbali mwa bwato poyandikira malo okhota kuti mvuu zomira zitulutse mitu, ndipo amalambalala kutali ndi yaikazi imene ili ndi mwana. Za ng'ona malamulo ndi ochepa koma sasweka: madzi satungidwa pa malo amodzi nthawi yofanana tsiku lililonse, matumbo a nsomba satayidwa pafupi ndi msasa, ndipo palibe wotsuka mbale kapena kusamba m'mphepete dzuwa litalowa.

Bwato la mmisiri limatengera kumene akupita. Bwato losema la mtengo limodzi, lokankhidwa ndi mtengo wautali m'malo osaya ndi kupalasidwa ndi nkhafi m'malo akuya, limalowa m'tinjira topapatiza ta pakati pa gumbwa, pamene boti la injini limathamanga pa mtsinje waukulu koma limakodwa mu namasupuni, udzu woyandama uja umene unavutitsa kwambiri chigawo cha pafupi ndi tawuni ya Kafue m'zaka za m'ma 1990. Udzu woyandama umasuntha ndi mphepo, moti njira imene inali yotseguka m'mawa ikhoza kutsekeka pofika madzulo, n'chifukwa chake mmisiri sadalira njira imodzi pobwerera ndipo amasunga chakudya cha tsiku lina loonjezera.

Zoopsa zazikulu kwa mlendo nthawi zambiri sizikhala zilombo koma matenda. Udzudzu wa m'madambo umafuna masikito kwa aliyense, madzi odikha a m'mbali amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo, ndipo kolera yakhala ikubuka m'misasa ya asodzi kumene zimbudzi zili pafupi ndi potunga madzi. Mmisiri wosamala amakumba dzenje la chimbudzi kutali ndi madzi n'kulikwirira pochoka, amathira klorini kapena kuwiritsa madzi akumwa, ndipo popeza m'chigwa mitengo ndi yochepa amanyamula makala ndi mbaula kuchokera kumtunda m'malo modula mtengo umodzi wokhawo wa pa chulu. Moto amauzima ndi madzi mpaka phulusa litazizira, pakuti m'chilimwe udzu wouma ukagwira moto umapsereza msipu wa ng'ombe za anthu.

Madambowa ali ndi eni ake, ndipo ulemu kwa iwo ndi gawo la ntchito. Abatwa anali asodzi a m'chigwachi kuyambira kale, Aila ndi Atonga amatsitsirako ng'ombe zawo madzi akaphwa, ndipo msasa uliwonse wa asodzi uli ndi mtsogoleri amene mlendo ayenera kuyamba wamulonjera asanakhome chikhomo. Boma nalo lili ndi malamulo ake: kupha nsomba n'koletsedwa kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane, ndipo wolowa m'nkhalango zotetezedwa za Lochinvar ndi Blue Lagoon, zomwe zinalembedwa mu 1991 pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, ayenera chilolezo cha nthambi yoona za nyama zakutchire. Kumeneko ndi kumene mlendo amaona lechwe wa ku Kafue, mtundu wa nswala yokonda madzi umene supezeka kwina kulikonse, pamodzi ndi mbalame za mitundu yoposa 400 zimene zawerengedwa ku Lochinvar.

Luso limeneli sililembedwa m'mabuku a sukulu, ndipo limapita kwa mwana kudzera m'kukhala kutsogolo kwa bwato pamene wamkulu ali kumbuyo akuwongolera. Achinyamata a ku Chanyanya amene akufuna kudyera ntchito ya alendo ayenera kuyamba ayenda ndi asodzi akuluakulu nyengo zonse za chaka, ndipo mlendo aliyense wofuna kugona m'madambo a Kafue atenge munthu wa kuno, amulipire moyenera, ndi kumvera pamene wanena kuti malo akuti sagonapo.